Mutu 6: Mbande Zogwira Pansi

1. Bedi la kumapeto

Loweruka pa 25 Novembala 2023, cha m'ma 10 koloko m'mawa, Jesinta anatula ndowa yachisanu ndi chimodzi pakhomo la nazale. Kukhosi kunali kutauma. Nkhata inali itanyowa, madzi akutsetserekera kumsana. Anakhala pansi kaye n'kuwongola miyendo.

Nazaleyo inali ya mudzi wonse. Inali m'munsi mwa phiri, ulendo wa ola limodzi kuchokera pa Chimbiya poyenda pansi. Inali ndi mpanda wa udzu, ndipo mkati mwake munali mabedi asanu ndi atatu. Achinyamata a kalabu ya zachilengedwe anagawana mabediwo, aliyense lake.

Bedi la Jesinta linali la kumapeto, pafupi ndi mpanda. Munali machubu 300 a msangu, ndipo njere anafesa pa 7 Okutobala. Mbandezo zinali ndi eni ake kale. Mabanja khumi ndi awiri olima kumtunda kwa phiri analembetsa, banja lililonse mbande 25. Nthaka ya kumtundako inaguga, ndipo feteleza anawakanika. Msangu ukakula umayoyola masamba mvula ikayamba, masambawo n'kuwolera m'munda, chimanga n'kumadya.

Amayi ake a Jesinta, a Filomena, anali m'gulu la olembetsawo. Chaka chimenecho chimanga cha pakhomo pawo chinatha mu Seputembala.

Malamulo a pa nazale anali awiri. Loyamba linali kuthirira m'mawa ndi madzulo. Lachiwiri linali kunyamula chubu chilichonse Loweruka lililonse ndi kudula mizu yotulukira kunsi. Machubuwo ndi a pulasitiki, otsegula pansi, ndipo muzu wa msangu suchedwa kutuluka.

Chitsime cha pafupi ndi nazale chinaphwa pa 28 Okutobala. Kuyambira tsiku limenelo madzi ankakatunga ku mtsinje, mphindi makumi awiri popita, makumi atatu pobwera chifukwa cha chitunda. Jesinta anali mu Fomu 3. Ankadzuka mbandakucha, kuthirira mbande, kuthamangira kusukulu, kubwerako, kukathirira ndiwo kudimba kwa amayi ake, kenako kubwereranso ku nazale. Lamulo loyamba analisunga. Lachiwiri analisiya. Kwa masabata anayi sananyamule chubu n'chimodzi chomwe.

Mbande zake zinakondwa. Zinatalika kuposa za anzake onse, zili biriwiri. Ngakhale tsiku limene anachepetsa madzi sizinafote. Lachinayi pa 23 Novembala alangizi a zankhalango anabwera panjinga yamoto. Anaima nthawi yaitali pa bedi la kumapeto, nalijambula ndi foni. Ananena kuti pa 15 Disembala, tsiku lotsegulira nyengo yobzala mitengo, Jesinta ndi amene adzalankhule pamaso pa anthu.

2. Chubu chikana kunyamuka

Bedi loyandikana ndi lake linali la Nomsa, mnzake wa m'kalasi imodzi. Munali mthethe waufupi, wooneka ngati sukudya bwino. Nomsa anali atanjuta pamenepo, akunyamula machubu ake chimodzichimodzi ndi kudula mizu ndi lumo lakale.

"Adona a msangu, mwatopa?" anatero osatembenuka. "Tiuzeniko chinsinsi. Mumazimwetsa tiyi wamkaka?"

"Ndisiye, Nomsa. Msana ukundiwawa."

"Wa ndani sukuwawa? Ine zala zanga zakalamba kundisiya mwini wakene. Koma iwe sindikuona ukudula. Umadula nthawi yanji?"

Jesinta anadzuka, napita pa bedi lake, nagwira chubu cha pakona. Chinakana. Anachigwira ndi manja awiri. Chinakanabe, ngati chokhomera ndi msomali. Atakoka ndi mphamvu chinazuka, muzu n'kuduka.

Kunsi kwa chubucho kunkalendewera muzu wonenepa ngati mtengo wa machesi. Mbali ina inatsalira m'nthaka. Jesinta anakumba ndi kamtengo kuulondola. Anafika kuya kwa chikhatho chonse, muzu ukupitabe pansi.

Anagwedeza chubu chachiwiri, chachisanu, china cha pakati. Onse anali atagwira pansi.

Nomsa anasiya lumo, nabwera kudzaona.

"Ndiye chinsinsi chija n'chimenechi. Zikudzimwera zokha pansi."

"Zonse."

"Unasiya liti?"

"Chiphwereni chitsime."

Mbande yozukayo anaiika pambali. Pofika masana inali itafota, nsonga itaweramira pansi. Atsikanawo anakhala pamthunzi wa mpanda akuiyang'ana.

"Tamvera," anatero Nomsa motsitsa mawu. "Usauze munthu. Tsiku logawa udzabwere m'mamawa, udzathire madzi ambiri, udzadule msangamsanga. Anthu adzanyamula zidakali zobiriwira. Zikakafa kumunda pakatha sabata, adzati ndi dzuwa. Apo ayi chiswe. Chiswe sichibwera pabwalo kudzakana mlandu."

"Nanga amayi anga?"

"Amayi ako udzawasankhire za m'mbali, mwina sizinalowe kwambiri. Iwe watopa mokwanira. Ukadula lero zifota zonse, alangizi akuchotsa, mudzi wonse ukuseka. Ine ndikungokuthandiza."

Jesinta anatola nkhata yake n'kuyamba kuifinya.

3. A Kapitawo abwerera

Oyang'anira nazale anali a Gervazio, bambo wa zaka 71. Anthu ankawatchula kuti a Kapitawo, chifukwa kale anali kapitawo pa esiteti ina ya mitengo ya paini. Kwa pafupifupi mwezi wathunthu anali ku chipatala cha pa boma, akudwazika akazi awo. Anali atabwerako dzulo lake.

Analowa cha m'ma 2 koloko, akuyenda pang'onopang'ono, jekete lili paphewa. Maso anali ofiira ndi tulo. Anazungulira mabedi onse osawerama, popeza m'chiuno munali mutauma ndi kugona pa simenti. Atafika kumapeto anaima.

"Mbiri yako ndinaimvera ku boma komwe, Jesinta. Alangizi anandionetsa chithunzi." Anayang'ana mbandezo kanthawi. "Zatalika ndithu. Mizu mukudula?"

"Tonse tikudula, agogo," anayankha msanga Nomsa.

"Chabwino. Ine ndikapume."

Anatembenuka n'kulunjika kukhomo. Jesinta anawayang'ana akudutsa bedi lachisanu ndi chiwiri, lachisanu ndi chimodzi, lachisanu. Iwo atafika pa lachiwiri, Jesinta anatola mbande yofota ija n'kuwatsatira.

"Agogo, taimani."

Anaima.

"Ine sindinadule. Kuyambira pa 28 Okutobala. Zonse zagwira pansi."

A Gervazio analandira mbandeyo. Anaitembenuza, nakhudza pamene muzu unadukira. Kenako anayang'ana poti akhale, nakhala pa wilibala yovundikira.

"Khalani pansi nonse awiri. Sindikalipa ayi, mphamvu yake ndilibe. Ndipo nanenso ndisaname. Nditaona kutalika kwa mbandezi mtima unandiuza. Koma ndinafuna kukagona, ndiye ndinalandira yankho limene ndinkafuna.

"Mbande ya m'chubu ndi mlendo pano pa nazale. Kwawo ndi kumunda. Tikamadula muzu sabata ndi sabata, timaiuza kuti isamange nyumba pano. Ndiye imaphuka timizu ting'onoting'ono tambirimbiri mkati mwa chubu. Timizu timeneto ndiye kamba wake wa paulendo. Imakhala yaifupi, yosakopa maso, koma ukaibzala imagwira. Zakozi zaika moyo wonse pa muzu umodzi, ndipo muzuwo uli pansi pa nazale. Ukazinyamula tsiku logawa, moyo utsala pano, kumunda kupita masamba okha.

"Mu 1987 ndinali ndi mbande za paini 40,000 m'manja mwanga. Antchito anachepa, ine ndinatopa, kudula tinakusiya miyezi iwiri. Ndinkadziwa bwinobwino. Tsiku lobzala tinathira madzi ambiri, tinazula, tinakweza pa thirakitala zili zobiriwira. Pofika Febuluwale phiri lonse linali lofiira. Bwana anafunsa. Ine ndinati obzala sanatsendere bwino dothi. Anthu awiri anachotsedwa ntchito. Mmodzi anali a Yohana, amene adzukulu awo mumaimba nawo kwaya. Anamwalira osadziwa chimene chinachitika. Ine palibe anandiloza chala, ndinapuma ntchito ndi ulemu wanga. Koma Lamulungu lililonse ndimakhala pa benchi ya kumbuyo, ndipo si chifukwa cha miyendo.

"Mtengo ukafera kumunda sipawonongeka mbande yokha. Munthu wakumba dzenje, wathira manyowa, wadikira. Ukafa amangoti msangu sumera kuno kumapiri. Chaka chamawa ngakhale umupatse ulere salandira. Munda wake ukhala momwemo, ndipo njala ya pakhomo pake ikhala momwemo. Kutopa si tchimo, ana inu. Ukatopa umanena kuti ndatopa, wina andithandize. Choipa n'kutopa mwakachetechete kenako n'kusenzetsa ena katundu wako iwo osadziwa."

Nomsa anali ataweramitsa mutu, akukanda pansi ndi kamtengo.

"Tingazipulumutse?" anafunsa Jesinta.

"Zina. Tikadula tsopano zikhala ndi masabata awiri oti ziphuke mizu yatsopano mvula yeniyeni isanafike. Mwina theka. Mwina kupitirirako pang'ono. Zifota, ziyoyoka, ndipo aliyense wodutsa pampandapa aona. Usankhe ukudziwa zimenezo."

"Tidule."

"Ndiye katungeni madzi. Muzu saudula pouma."

4. Waya ndi ndowa

Panafunika ndowa zina zinayi.

"Ndinakuuza njira yachidule, iwe wasankha ya ku mtsinje," anang'ung'udza Nomsa. Koma anatenga ndowa yake n'kutsogola.

Anayamba kudula dzuwa litapendeka, cha m'ma 4 koloko. A Gervazio anamangirira waya woonda ku timitengo tiwiri. Atsikanawo anagwira wina uku wina uko, kulowetsa waya kunsi kwa mzere wa machubu, n'kumakoka ngati akucheka. Pamene waya unakana analowetsa mpeni. Chubu chilichonse chikamasuka ankachinyamula, kubudula timasamba ta m'munsi kuti mbande isataye madzi ambiri, n'kuchikhazika pamalo atsopano. Timinga ta msangu tinawalasa zala mpaka zinatupa.

"Mtengo wa mwano uwu," anatero Nomsa akuyamwa chala. "Tikuupulumutsa, iwo ukutibaya."

"Sunatitume," anayankha Jesinta.

Pomaliza anabwezeretsa denga la udzu pamwamba pa bedi. Pa mabedi ena onse anali atachotsapo kale mthunzi kuti mbande zizolowere dzuwa. Bedi la kumapeto lokha linabwerera m'mbuyo.

Tsiku limenelo anadula machubu 90.

M'mawa mwake, Lamulungu, a Filomena anadzera njira ya kumunda popita ku Misa. Jesinta ankawatsatira, nsapato zili m'manja. Atafika pamunda amayiwo anaima n'kuloza. M'mizere yowongoka munali maenje, lililonse ndi kamulu ka manyowa pambali.

"Ndamaliza dzulo," anatero. "Nthaka ili gwa, khasu limachita kubwerera. Koma onse akwana."

"Amayi, mbande zina zifa."

"Zina zimafa ndithu."

"Ayi, amayi. Zifa zambiri. Ndinasiya kudula mizu, zinalowa pansi. Tikudula tsopano."

A Filomena anamuyang'ana, nayang'ana zala zake zotupazo.

"Zingati?"

"Sindikudziwa."

Amayiwo anayang'ananso maenje aja, kuyambira loyamba mpaka lomaliza. Anamanga bwino chitenje.

"Ine ndakumba 25," anatero, napitiriza ulendo.

Atachoka ku Misa atsikanawo anadula machubu 130. Lolemba ataweruka kusukulu anamaliza 79 otsala.

5. Masabata awiri

Pofika Lachitatu pa 29 Novembala bedi la kumapeto linali losayang'anika. Masamba anayoyoka. Mbande zambiri zinangotsala timitengo. Anthu opita ku mtsinje ankaima n'kusuzumira pampanda.

"Si zija zinali pa foni ya alangizi izi?" anafunsa mayi wina.

"Ndi zomwezo," anayankha Jesinta, osasiya kuthirira.

Alangizi anabwera Lachinayi. Anamvetsera zimene a Gervazio anafotokoza. Ananyamula chubu chimodzi cha Nomsa, chinanyamuka mosavuta. Ananyamula chachiwiri, chachitatu. Kenako ananena kuti pa 15 Disembala adzalankhule Nomsa.

Njinga yamoto itachoka, Nomsa anakhala pa ndowa yake.

"Ine ndikanena chiyani kumeneko? Kuti ndinamuuza mnzanga anamizire chiswe?"

"Ukanene za lumo lako," anatero Jesinta. "Limagwira ntchito."

Mayeso a kumapeto kwa teremu anayamba Lolemba pa 4 Disembala. Jesinta ankathirirabe m'mawa ndi madzulo, ndowa zisanu ndi imodzi tsiku lililonse. Pa pepala la masamu anasinza, aphunzitsi anachita kumugogodera pa desiki. Mafunso awiri omaliza sanawafike.

Lachiwiri madzulo anaona timasamba tatsopano pa mbande zina za pakati, tating'ono ngati nthata. Anaitana a Gervazio. Iwo anawerama movutikira, nayang'anitsitsa.

"Izi zavomera," anatero. "Yamba kuchotsa udzu wa padenga pang'onopang'ono. Lero dzanja limodzi, mawa awiri. Zisamve dzuwa lonse tsiku limodzi."

Mbande zina sizinavomere. Zinauma kuyambira kunsonga kutsika.

6. Tsiku lowerenga

Mvula inagwa Lachisanu pa 8 Disembala. Inayamba masana n'kukata madzulo, yodekha, yolowa pansi. Aliyense m'mudzimo anadziwa kuti mawa lake ndi tsiku lobzala.

Loweruka atatuwo anafika ku nazale dzuwa lisanatuluke bwino. Pansi panali poterera.

"Mbande yopanda masamba musafulumire kuitaya," anatero a Gervazio. "Kandani khungwa ndi chikhadabo. Mkati mukakhala mobiriwira, ili moyo. Mukakhala mouma, yapita. Zamoyo kumanja, zakufa kumanzere. Musaikomere mtima, mbande yokayikitsa ipite kumanzere."

Jesinta ankakanda, Nomsa ankanyamula ndi kuwerenga mokweza. Ntchitoyo inatenga ola limodzi ndi theka. Anabwerezanso kuwerenga kachiwiri. Kumanja kunali 176. Kumanzere kunali 123.

A Gervazio anatenga chubu chimodzi cha kumanja, nang'amba pulasitiki pang'ono cha m'mbali. Dothi linali litagwirana. Timizu toyera tinali titalukana mkati monse.

"Izi zikagwira," anatero. "Zonse 176. Aliyense wobzala izi sakumba pachabe."

Nomsa anawerengera pa zala.

"Mabanja asanu ndi awiri, n'kutsala mbande imodzi. Asanu apita chimanjamanja. Apo ayi onse alandire 14, aliyense maenje 11 akhale yasa." Anapukuta manja pa siketi. "Komiti ya nazale inagwirizana chiyani zikachepa, agogo?"

"Sinagwirizane kanthu. Palibe anaganiza kuti zingachepe."

Kunja kwa mpanda kunamveka mawu a anthu ndi kulira kwa wilibala yopanda mafuta. Eni mbande anali atafika. Jesinta anasuzumira pakati pa udzu. Anaona madengu, mabeseni, makasu. Anthuwo anali ataima pamzere monga mmene anafikira.

"Ndiwauze ine?" anafunsa a Gervazio. "Ndine wamkulu pano. Akakwiya akwiyire ine, ndazolowera."

"Ayi, agogo. Bedi ndi langa."

Anasamba m'manja m'ndowa. Anapita pakhomo n'kumasula chingwe.

Kutsogolo kwa mzere kunali a Agatha, mayi wamasiye amene munda wawo unali pamwamba pa yonse, pamene nthaka inakokoloka kwambiri. Anabwera ndi madengu awiri. A Filomena anali achisanu ndi chinayi.

"Mwana wanga, tayamba ndife kufika," anatero a Agatha. "Zanga zili mbali iti? Ndikufuna ndibzale chinyezi chisanathawe."

"Tatulani kaye madengu, amayi. Nonse." Mawu a Jesinta anali otsika, koma anamveka mpaka kumapeto kwa mzere. "Munalembetsa mbande 300. Zamoyo zilipo 176. Si dzuwa, si chiswe. Ndine ndinasiya kudula mizu kwa masabata anayi. Zimene zatsalazi n'zabwino, zikagwira. Koma sizikwanira nonse."

Bambo wina anatsitsa zogwirira za wilibala pang'onopang'ono. A Agatha anatula dengu limodzi, linalo analigwirabe m'manja. Anatembenuka n'kuwerenga anthu a pamzere ndi maso, mmodzimmodzi.

"Ndiye otsala ndani?" anafunsa.

Palibe anayang'ana Jesinta. Onse anatembenukira kwa amayi ake, a Filomena.